Ndi ana anga atatu ku Mangochi

Lolemba, Mangochi boma

Tanyamuka ku Zomba m'mawa pa minibasi, ine ndi ana anga atatu, ndipo tafika kuno dzuwa litapendeka. Bambo awo atsala chifukwa cha ntchito. Tafikira kwa achimwene anga, amene anakhazikika kuno atakwatira mayi wa Chiyao wa kwa Mponda, ndipo amachita malonda a usipa. Sukulu zinatsekera, wachisamba wanga analemba mayeso a Sitandade 8 ndipo akudikira zotsatira, motero ndinaona kuti ndi bwino anawa aone nyanja ndi amalume awo tonse tili pamodzi, popeza iyeyu akasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, nyumba yathu sidzakhalanso yodzaza monga ilili lero.

Wachisambayo ndi mtsikana wa zaka 14, wopondana naye ndi mnyamata wa zaka 11, ndipo mzime ndi kamtsikana ka zaka 4. Kale ulendo uliwonse ndinkauyamba ndi mwana kumsana, chikwama kudzanja lina, ndi mwana wina ndikumukoka kudzanja linalo. Lero tisanafike n'komwe pa Domasi, mtsikana wamkuluyu anali atamutenga kale mng'ono wake n'kumukhazika pamiyendo, akumumwetsa madzi ndi kumupukuta kukamwa ndi nsonga ya chitenje, ndipo mnyamata ndiye anapereka ndalama kwa kondakitala n'kuwerenga chenji mosamala asanandipatse. Manja anga anali opanda kanthu njira yonse, ndipo ndinatha kuyang'ana kunja monga mlendo weniweni.

Pa Liwonde tinawoloka mtsinje wa Shire, kenako tinakhotera njira ya ku Mangochi. Titadutsa pa Ulongwe, milambe yopanda masamba ndi migwalangwa inayamba kuchuluka, ndipo mpweya unasintha, chifukwa ngakhale mwezi wa Ogasiti kuno n'kofunda kusiyana ndi kumapiri kwathu. Madzi atayamba kung'anima kudzanja lamanja, mzime anakuwa kuti taona nyanja ya Malawi, koma mchimwene wake anamuuza modekha kuti imeneyo ndi nyanja ya Malombe, imene mtsinje wa Shire umadutsamo ukangochoka m'nyanja yaikulu. Anthu ena a m'minibasi anamuyamikira, ndipo iye anachita manyazi n'kuyang'ana pansi.

Achimwene anatichingamira padepoti ndi akabaza, ndipo alamu anga anatilandira ndi mpunga ndi chambo. Ana anagwada popereka moni osawakumbutsa. Panopa agona m'masikito, ndipo amene anakoloweka masikitowo ndi wamkulu yemweyo.

Lachiwiri, pansanja ya wotchi ndi pamlatho

Lero tayenda wapansi m'boma muno. Achimwene anali otanganidwa, choncho alamu ndiwo anatiperekeza, ndipo tinayambira pansanja ya wotchi imene ili pafupi ndi mlatho. Nsanjayi inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imene boma lino linkatchedwa Fort Johnston, dzina lochokera ku linga limene Angerezi anamanga mu 1891 pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo imene inkadutsa pano. Pambali pake pali mzinga wochokera pasitima yankhondo ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann padoko lina la tsidya la nyanja, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Mnyamata wanga anauzungulira mzingawo, anaugwira, anasuzumira m'kamwa mwake, ndipo anafunsa mafunso ochuluka okhudza kutalika kumene chipolopolo chake chinkafika. Chimene chinamudabwitsa kwambiri n'chakuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene amaimva kusukulu ngati ya ku Ulaya, inafika mpaka panyanja yathu ino.

Mtsikana wamkulu anaima nthawi yaitali pa chinthu china. Pamalo omwewo pali chikwangwani chokumbukira sitima ya Vipya, imene inamira pa 30 Julayi 1946 kumpoto kwa nyanjayi, ndipo anthu 145 anafera m'madzi. Anawerenga mawu a Chingereziwo chamumtima, kenako anawafotokozera azakhali ake m'Chichewa, mawu ake atatsika. Zaka ziwiri zapitazo mwana ameneyu akanangoloweza chaka ndi nambala kuti akakhoze mayeso, koma lero anafunsa kuti abale a anthuwo anamva bwanji uthenga m'masiku amene kunalibe mafoni, ndiponso kuti anadikira nthawi yaitali bwanji pamadoko asanadziwe. Apa ndinaona kuti mwana wanga wafika pamsinkhu woti imfa ya anthu osawadziwa imamulemera mumtima. Mayi amakondwa ndi dzino loyamba ndi phazi loyamba, ndipo zimenezo amaziuza anansi onse, koma kukula kwa mtundu uwu kumabwera mwakachetechete, ndipo kwa ine kukuposa zonsezo.

Tinalowanso m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, imene ili chapafupi pomwepo. Muli zinthu za sitima zakale, zipangizo za usodzi, ndi zofotokoza chikhalidwe cha Ayao, ndipo alamu anasangalala kuwalozera ana zinthu zimene agogo awo ankagwiritsa ntchito. Ndikuona kuti ife makolo a m'dziko muno timalakwitsa tikamaganiza kuti malo ngati amenewa ndi a alendo ochokera kunja okha, chifukwa mwana amene wagwira mzinga ndi dzanja lake saiwala phunzirolo.

Chakumasana tinakwera pamlatho wa Bakili Muluzi, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo ndiwo njira ya ku Malindi, ku Namwera ndi kumalire a Chiponde. Njinga zimadutsa mosalekeza, zina zitasenza matumba a makala, zina nkhuni, zina amayi ovala mipango yaitali atakhala chammbali pakaliyala. Pansi pake Shire amayenda mofatsa, ndipo mabwato a asodzi amaoneka aang'ono. Alamu anawachenjeza ana kuti asayerekeze kutsikira kumtsinje okha chifukwa muli ng'ona ndi mvuu. Mzime anafuna kusuzumira pachitsulo, ndipo ndisanatambasule dzanja, mkulu wake anali atamugwira kale pamkono, ndipo sanamusiye mpaka titatsika.

Lachitatu, kudoko

Achimwene anatidzutsa tambala woyamba atangolira kuti tikafike kudoko mabwato asanakocheze. Tinakwera galimoto ya ku Monkey Bay n'kutsikira chakufupi ndi Makawa, kenako tinayenda mumchenga mpaka kugombe. Kunali kukadali mdima pang'ono, ndipo patali panyanja nyali za asodzi a kauni zinali kuzima imodzi imodzi. Amalume anamufotokozera mnyamata m'mene usodziwu umachitikira: munthu wa nyali, amene amamutcha siginala, amakhala pabwato lake akuwalitsa pamadzi kuti usipa usonkhane, ndipo alovi, amene ndi asodzi anzake, amaponya khoka la chilimira mozungulira n'kukoka. Ino ndi nyengo ya mwera, mphepo imene imawomba kuchokera kummwera m'miyezi yozizira, ndipo ikakula asodzi ambiri salowa panyanja, usipa umachepa, mtengo n'kukwera. Usiku wathawu mphepo inali itagona, motero mabwato anabwera ndi kanthu.

Mabwato atakocheza, gombe lonse linadzuka. Amayi ogula nsomba anathamangira m'madzi ndi mabeseni, mitengo ikutchulidwa mokuwa m'Chiyao ndi m'Chichewa, ndipo usipa unkayezedwa ndi chigoba. Achimwene anagula, ndipo mnyamata wanga, osatumidwa ndi munthu, anagwira beseni mbali imodzi n'kuthandiza kunyamula mpaka pathandala. Anaphunzira kuyanika usipa mopyapyala kuti usaunjikane ndi kuwola, anaona m'mene wina amaufutsa m'madzi otentha a mchere asanauyanike, ndipo pofika nthawi ya kadzutsa manja ake anali kunyezimira ndi mamba. Kunyumba mwana ameneyu amafuna kukumbutsidwa kuti atsuke mbale yake, koma pano anagwira ntchito mpaka thukuta chifukwa amalume ake anamuyankhula ngati munthu wamkulu. Ndasunga chimenechi mumtima kuti ndikachiyese kwathu.

Bwato lina linabwera ndi tichambo tating'ono, timene kuno amati kasawala, ndipo achimwene anapukusa mutu n'kukana kugula. Anawauza ana kuti chambo chachikazi chimasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo ngakhale tiana titayamba kusambira, chimatibwezera m'kamwa pakakhala choopsa, kufikira titakula moti sitingakwanemonso. N'chifukwa chake m'miyezi ya Novembala ndi Disembala boma limatseka usodzi wa makoka kuti nsomba ziswane, ndipo makomiti a m'madoko amayenera kuletsa maukonde a maso aang'ono. Khoka likakola mayi mmodzi wa chambo nthawi imeneyo, lapha ana ake onse pamodzi. Mtsikana wanga anandiyang'ana akumwetulira n'kunena kuti, "Amayi, inunso mumafuna kutisunga choncho." Sindinakane, chifukwa ndi zoona, koma ndinamuuza kuti ngakhale chambocho chimadziwa nthawi yotsegula pakamwa.

Chinthu chimodzi chinandipweteka. Pagombepo panali anyamata a msinkhu wa mwana wanga amene anagona panyanja usiku wonse akukapa madzi m'mabwato, ndipo achimwene akuti ena mwa iwo sabwerera m'kalasi sukulu zikatsegulira, chifukwa alawa kale ndalama ya tsiku ndi tsiku. Anamuuza mphwawo mosapsatira kuti ntchito ya nsomba ndi yolemekezeka, koma imafuna munthu wodziwa kuwerengera phindu ndi kutaya, ndipo kuti iwowo amapeza kanthu chifukwa amalemba chigoba chilichonse m'kope. Mawu amenewa akanachokera kwa ine akanawamva ngati nyimbo ya masiku onse, koma pochokera kwa amalume anawamvetsera maso ali tong'o.

Madzulo alamu anamuphunzitsa mtsikana kupala ndi kutumbula chambo popanda kuphulitsa ndulu, ndipo nsomba imene tadya usiku uno waphika ndi iyeyo, ndi tomato ndi anyezi basi. Mzime watola tizigoba ta nkhono todzaza m'thumba la diresi lake, ndipo wakana kugona mpaka titatiika pansi pa pilo.

Lachinayi

Tsiku la lero silinali ndi ulendo uliwonse, koma ndilo lalikulu kuposa onse. Tinali kuchapa kuseri kwa nyumba pamene foni inalira, ndipo anali bambo a ana. Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zatuluka, iwo anathamangira kusukulu kukaona pamndandanda, ndipo mwana wathu wakhoza ndi kusankhidwa kupita ku sekondale ya boma yogonera komweko. Ndinamupatsa foni mwini wakeyo manja ake ali ndi thovu la sopo. Anamvetsera, anati, "Zikomo, ababa," kenako anakhala pansi pamwala wochapirapo n'kuyamba kulira. Alamu anaimba nthungululu yoti anansi anatulukira pamipanda, ndipo posakhalitsa amayi a nyumba zoyandikana, amene dzulo lomweli sankatidziwa, anali kuvina naye pabwalo. Akulu ananena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo lero ndaziona ndi maso kwa anthu a chinenero china ndi chipembedzo china.

Ndinakumbukira usiku wonse umene mwanayu ankawerenga ndi tochi magetsi atazima, m'mawa uliwonse umene ankadzuka kukatunga madzi asanapite ku maphunziro a m'bandakucha, ndi tsiku limene anabwera akulira chifukwa masamu a tizigawo anamukanika, bambo ake n'kukhala naye pamkeka akudula lalanje kuti amvetse. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chinkaoneka chachikulu pa nthawi yake.

Achimwene atabwera anagwira nkhuku, ndipo ananena kuti monga mwini mbumba, sutikesi ndi bulangete agula ndi iwo. Tinakhala pansi kulemba zofunika: yunifolomu, nsapato zakuda, ndowa, mbale ndi kapu, masikito, sopo, makope, ndi fizi ya teremu yoyamba. Mndandandawo ndi wautali ndipo ndalama zake sizili pafupi, koma ndinaulemba ndi mtima wopepuka. Mnyamata anafunsa ngati chipinda cha achemwali ake chikhala chake akachoka, ndipo aliyense anaseka, koma mzime atamva kuti mkulu wake azikagona kusukulu anakwinya nkhope n'kunena kuti apita naye limodzi. Mkuluyo anamunyamula n'kumulonjeza kuti azibwera pa tchuthi chilichonse ndi kumuluka tsitsi.

Usiku, amuna atalowa m'nyumba, ine ndi alamu tinakhala naye mtsikanayu kukhitchini. Tinakamba za kudzisamalira, za kusunga ndalama ya m'thumba, za anzake amene adzamukoka uku ndi uku, ndi za amuna amene amadikira atsikana a sukulu ndi timphatso. Alamu anayankhula zinthu zina momasuka kuposa m'mene ine mayi wake ndikanathera, ndipo ndinathokoza kuti uthengawu watipeza tili kuno. Mwanayo anafunsa mafunso ake mopanda mantha, ndipo ena mwa iwo anandionetsa kuti wakhala akuganiza za moyo wake mozama kuposa m'mene ndinkadziwira.

Lachisanu, Monkey Bay ndi Cape Maclear

Ulendo wa lero unali wokonzedwa kale, koma wasanduka mphatso ya wopambana mayeso. Kuchokera paboma kukafika ku Monkey Bay ndi makilomita oposa 60, ndipo tinafika sitima ya Ilala ikukonzekera ulendo wake wa kumpoto. Sitimayi inapangidwa ku Scotland, inabwera m'zidutswa n'kulumikizidwa konkuno, ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira mu 1951, kunyamula anthu ndi katundu kupita ku Likoma, ku Nkhata Bay mpaka ku Chilumba. Mnyamata anawerengera kuti ili ndi zaka zambiri kuposa agogo ake a ku Zomba, ndipo anaima akuyang'ana matumba a ufa ndi malata akukwezedwa mpaka tinachita kumukoka.

Njira ya ku Cape Maclear imadutsa m'mapiri a miyala ikuluikulu, ndipo anyani amakhala m'mbali mwa msewu osaopa galimoto. Tinaima pa Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere yozama ngati kuti munthu analitema, ndipo mzime anayendetsa chala chake m'mizeremo akufunsa kuti analicheka ndani. Tisanalowe m'mudzi wa Chembe tinapita kumanda a amishoni. Pamalo pano ndi pamene mishoni ya Livingstonia inayambira mu 1875, Dr Robert Laws ali m'gulu la oyambitsawo, koma malungo anapha anzawo angapo, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Dzina la Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa zakuthambo. Mtsikana wanga anaona kuti matenda amene anagonetsa anthuwa pano ndi omwewo amene timawatchingira ndi masikito usiku uliwonse, ndipo anati masikito akhale oyamba kulowa m'sutikesi yake.

Dera lonseli lili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna zimene sizipezeka kwina kulikonse mwachilengedwe. Achimwene anagwirizana ndi mwini boti la injini kuti atipititse ku chilumba cha Thumbi, ndipo ine ndinakana kukwera mpaka aliyense atavala jekete loyandamitsa, kuphatikizapo kakang'ono kokwana mzime. Ndikulangiza mayi aliyense wobwera kuno ndi ana kuti pa chimenechi asachite manyazi.

Pachilumbapo madzi ndi oyera moti miyala ya pansi imaoneka, ndipo mbuna zabuluu, zachikasu ndi zamizeremizere zimabwera mpaka m'manja. Mwini boti anaimba mluzu n'kuponya nsomba pamadzi, ndipo nkhwazi inatsika kuchokera mumtengo n'kuitola ndi zikhadabo osanyowetsa mapiko. Mnyamata anati mbalame imeneyi amaiona pachizindikiro cha dziko lathu, koma sankadziwa kuti ndi yaikulu choncho.

Chimene ndidzakumbukire kwambiri ndi cha mzime. Chifikireni wakhala akuopa madzi, akumangofika pamene funde lathera n'kuthawa. Lero ndinamunyengerera koma anakana, amalume ake anamunyengerera koma anakananso. Kenako mchimwene wake anagwada m'madzi osaya n'kumuuza kuti, "Bwera ukwere kumsana, sindikusiya." Anakwera atamukoleka manja m'khosi, ndipo pang'onopang'ono anatsitsa phazi limodzi, kenako linalo, mpaka anaima yekha madzi akumufika m'mawondo, tinsomba tikumuzungulira. Anaseka mokweza moti anthu a m'boti lina anatembenuka. Ana awiriwa amakangana tsiku lililonse kunyumba chifukwa cha zinthu zazing'ono, koma lero ndaona amene kamtsikanaka kamamukhulupirira pakakhala mantha.

Pobwerera achimwene anandikumbutsa za likodzo, matenda amene tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odekha a m'mphepete mwa nyanja, ndipo timalowa pakhungu munthu akamasamba. Tagwirizana kuti pakapita milungu ingapo ndidzapite ndi ana onse kuchipatala kuti akayezedwe ndi kulandira mankhwala ngati pakufunika.

Loweruka

Tatopa, ndipo tatandala pakhomo. Mtsikana waluka tsitsi la mng'ono wake ndi la mwana wa anansi, ine ndi alamu tasankha usipa woti ndipite nawo kwa apongozi anga.

Chakumadzulo tinamva ng'oma ndi nyimbo mumsewu, ndipo ana anathamangira kumpanda. Anali manganje. Tchuthi chino ndiyo nyengo ya zinamwali kwa Ayao, ndipo anyamata ena a m'mudzi wapafupi atuluka ku ndagala, kumsasa wa chinamwali. Anadutsa atavala zovala zatsopano, nkhope zili pansi, amayi awo ndi azakhali awo akuvina mowazungulira, anthu akuwafupa ndalama. Mnyamata wanga anafunsa chimene chikuchitika, ndipo amalume ake anamutengera pambali n'kumufotokozera mwaulemu kuti umu ndi m'mene anthu a kuno amalengezera kuti mwana wasiya umwana. Ine ndinkayang'ana amayiwo. Mwambo wathu ndi wosiyana ndi wawo, koma chimwemwe chimene chinali pankhope zawo ndinachizindikira, chifukwa ndi chomwe chinali pa ine Lachinayi.

Lamulungu

Tinapita kutchalitchi m'mawa, ndipo alamu, amene ndi Msilamu, anatsala akuphika futali woti tidye pobwera. M'banja la achimwene zimenezi zakhala zikuyenda mwamtendere kuyambira kale, ndipo ndakondwa kuti ana anga aziona okha.

Titadya, mnyamata anabwera kudzakhala pafupi nane pamkeka, akukanda pansi ndi kamtengo, ndipo ndinadziwa kuti pali nkhani. Anati, "Amayi, ndimapempha nditsale ndi amalume mpaka sukulu itatsala pang'ono kutsegulira." Anafotokoza kuti akufuna kuphunzira kulemba m'kope la malonda ndi kuthandiza pathandala, ndipo anali atawafunsa kale amalume ake, amene anamuuza kuti mawu omaliza ndi a mayi ndi bambo ake.

Mtima wanga unayamba wakana. Mwana ameneyu sanagonepo kutali ndi ine, nyanja ili pafupi, mumtsinje muli ng'ona, ndipo ndinali nditakonzekera kutsanzikana ndi mwana mmodzi mwezi wa Seputembala, osati wina mawa lomwe lino. Koma ndinaganizira m'mene wagwirira ntchito kudoko, m'mene anamutetezera mlongo wake m'madzi, ndi m'mene wabwerera kudzapempha yekha m'malo motuma amalume ake kuti amunenere. Ndinawaimbira bambo ake, tinakambirana nthawi yaitali, ndipo tavomera.

Tinakhala pansi anthu anayi, ine, achimwene, alamu ndi mwini wakeyo, n'kuika malamulo momveka. Sakwera bwato la asodzi ngakhale atamuitana, sapita kumtsinje, kudoko azipita ndi amalume ake okha, azigona m'masikito, ndipo madzulo aliwonse aziwerenga buku lake la Sitandade 6 kwa ola limodzi alamu akumuona. Thupi likangotentha apite naye kuchipatala tsiku lomwelo kukayezetsa malungo. Anavomera lililonse akugwedeza mutu, ndipo anawonjezera lake, lakuti ndalama imene amalume adzamupatse chifukwa cha ntchito adzagulire achemwali ake loko wa sutikesi. Mtsikanayo atamva anamukumbatira, chinthu chimene sachita kawirikawiri, ndipo mnyamatayo anadzichotsa msangamsanga akuseka.

Ndamupatulira zovala zake m'chikwama chathu, ndamusiyira tochi, ndipo ndalemba nambala ya foni ya bambo ake pachikuto cha buku lija ngakhale amaidziwa pamtima. Mzime sitinamuuze, chifukwa akamva usiku uno sagona, ndipo mkulu wake wadzipereka kuti amufotokozera yekha m'mawa tikamamwa tiyi. Ife tinyamuka mawa ndi minibasi yoyamba kuti tikayambe kufunafuna telala wa yunifolomu. Achimwene adzabwera naye mnyamatayo ku Zomba Loweruka lomaliza la tchuthi, pa ulendo wawo wokagulitsa usipa ku Limbe, ndipo sutikesi ndi bulangete adzabwera nazo tsiku lomwelo.